Msonkho wa nyumba za asilikali olumala ku Texas: anavotera onse koma akulipira ndi ndani?

Ku America ukagula nyumba sikuti wathana nazo basi, chaka chilichonse umalipirabe msonkho wa nyumbayo molingana ndi mtengo wake, zofananako ndi ma city rates omwe anthu amadandaula nawo ku Blantyre ndi ku Lilongwe koma kumeneko ndalama zake ndi zoopsa. Ndipo siipita ku boma lalikulu la ku Washington ayi, imatsala konko, ndi imene imayendetsa masukulu, apolisi a mumzinda, ozimitsa moto, misewu ya mmakwalala. Ku Texas ndiye nkhani yake njokulirapo chifukwa chigawochi sichidula msonkho pa malipiro a anthu, ndiye katundu yense amagwera pa nyumba ndi pa zogulagula. Tingoyerekeza, nyumba ya madola 250,000 pa 2 peresenti ndiye kuti 5,000 pa chaka, ukalephera kwa nthawi yaitali nyumba ikhoza kugulitsidwa iwe ukuona.

Ndiye ku Texas kuli lamulo loti msilikali wopuma yemwe analumala chifukwa cha ntchito ya usilikali asamalipire msonkho umenewu, kapena azilipira wochepa. Ukangomva choncho palibe chotsutsa eti, munthu anasiya mwendo ku Iraq ndiye mukamulandenso nyumba? Koma lamuloli lautsa mkangano, ndipo kuti umveke bwino tiyambire patali pang'ono.

Zosamalira ovulala ku nkhondo zinayamba dziko la America lisanabadwe nkomwe. Mu 1636 atsamunda a ku Plymouth anakhazikitsa lamulo loti wopunduka pa nkhondo azisamalidwa ndi anthu onse, ndipo mu 1776 nkhondo yolimbana ndi Britain ili mkati analonjeza penshoni kwa asilikali olumala. Koma zinafika pokula ndi nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kummwera ya 1861 mpaka 1865. Mu 1862 panabwera lamulo la penshoni ya asilikali a kumpoto ndi akazi awo amasiye, kenako asilikali akalewo anapanga bungwe lawo la Grand Army of the Republic mu 1866 lomwe linali ndi mavoti ambiri moti wandale aliyense ankaliopa. Pofika cha mma 1890 penshoni imeneyi inkadya pafupifupi 40 peresenti ya bajeti yonse ya boma lalikulu, taganizani. Asilikali a kummwera omwe anagonja aja Washington sinkawapatsa penshoni, ndiye zigawo zawo monga Texas zinkawasamalira zokha, apa mpamene zigawo zinazolowera kuti nazonso zili ndi mbali yake pa nkhani ya asilikali akale.

Vuto ndi loti chigawo kupereka ndalama ya cash kumafuna kuipeza kaye mu bajeti, pomwe kungonena kuti uyu asalipire msonkho wa nyumba sikuoneka ngati watulutsa kalikonse. Nchifukwa chake njira imeneyi inakondedwa. California inavotera zokhululukira asilikali akale msonkho pa madola 1,000 a mtengo wa katundu wawo mu 1911, zigawo zina nazo zinapanga zawozawo, mpaka lero palibe lamulo limodzi la dziko lonse, ukasamuka kuchoka chigawo china kupita china zonse zimasintha. New Mexico inafika poika malire oti okhawo asilikali a nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam omwe anali akukhala kale mchigawomo pasanafike pa 8 May 1976 ndi amene apindule, khothi lalikulu la America linakana zimenezo mu 1985 pa mlandu wa Hooper, linati simungasankhe nzika potengera tsiku lomwe inafika.

Tsopano ku Texas. Kwa zaka zambiri chikhululukirocho chinali chochepa, ndipo kwa olumala pang'ono chikadali chomwecho: unduna woona za asilikali opuma, womwe onse amangoti VA, umayeza ulumali wa munthu mmaperesenti kuyambira 0 mpaka 100, ndiye wa pakati pa 10 ndi 29 amamuchotsera madola 5,000 pa mtengo wa nyumba, wa 70 kupita mtsogolo 12,000. Dziwani kuti sakuchotsa pa msonkho weniweniwo koma pa mtengo wa nyumba, ndiye chopulumutsa chake ndi timadola zana limodzi mpaka mazana atatu basi pa chaka. Zinasintha mu November 2007, nkhondo ya ku Iraq itafika povuta, anthu a ku Texas anavota kusintha malamulo aakulu a chigawo chawo kuti wa 100 peresenti asamalipire olo senti pa nyumba yomwe akukhalamo. Nyumba ya malamulo inakhazikitsa zimenezi mu 2009, ndipo mu 2011 anavotanso kuti mwini wake akamwalira mkazi kapena mwamuna wake apitirize kusalipira bola asakwatiwenso kapena kukwatiranso. Palibe malire a mtengo wa nyumba, palibe kufunsa kuti umapeza ndalama zingati. Virginia nayo inavotera zofanana mu 2010, Michigan inatsatira mu 2013.

Chomwe ovota ambiri sanachiganizire nchoti asilikali opuma sanamwazikane mofanana mchigawo chonse. Amakonda kukhazikika pafupi ndi kampu yomwe ankagwirako ntchito, chipatala chawo chili pomwepo, ma shop otchipa a asilikali ali pomwepo, anzawo ali pomwepo, ana anakulira pomwepo. Ku Texas malo otero ndi Killeen, mzinda wa anthu oposa 150,000 mu boma la Bell County, womwe unakula chifukwa cha kampu ya Fort Hood yomwe inatsegulidwa mu 1942 (ija anaisintha dzina kukhala Fort Cavazos mu 2023 kenako nkubwezeretsanso Fort Hood mu 2025). Malo a kampuyo ndi a boma lalikulu, salipira kale msonkho, ndiye kuwonjezera apo nyumba zambirimbiri mmakwalala a Killeen, Copperas Cove ndi Harker Heights zinachoka pa mndandanda wa olipira. Koma eni ake akuyendabe pa misewu yomweyo, akaimba foni ambulansi ibwera, moto ukabuka ozimitsa abwera. Khonsolo yatsala ndi njira ziwiri, kukweza msonkho kwa otsalawo kapena kuchepetsa ntchito, ndipo otsalawo ambiri ndi asilikali omwe akadali pa ntchito, aphunzitsi, anthu a lendi omwe landilodi amangowakankhira msonkhowo, ngakhalenso asilikali opuma anzawo a 60 kapena 80 peresenti.

Ine ndimaona kuti apa opanga malamulo a ku Austin, likulu la Texas, anachita zoitana alendo koma nkhuku yophedwa ili ya neba. Ulemu wonse unapita kwa opanga malamulo, mtolo wolipira unapita ku makhonsolo ochepa. Mu 2015 anayesa kukonzako, anakhazikitsa thumba lobwezera mizinda yogundana ndi kampu komanso ma county (maboma a mchigawomo) omwe muli kampu, bola akhale kuti ataya 2 peresenti kapena kuposa ya ndalama zoyendetsera ntchito zawo. Koma ndalama zoikidwa mthumbamo zimadalira zomwe nyumba ya malamulo yavomereza pa bajeti, zikachepa amagawana zomwe zilipozo, ndipo mawu oti "yogundana" aja anasiya Harker Heights panja kwa zaka zambiri chifukwa malire ake sakhudza mpanda wa kampu, chonsecho ndi mtunda wa mphindi zochepa pa galimoto ndipo asilikali opuma adzadzamo.

Chiwerengero cha a 100 peresenti nachonso chakhala chikukwera. Ovulala ku Iraq ndi ku Afghanistan ambiri anapulumuka mabala omwe kale akanafa nawo, matenda a mmaganizo obwera ndi nkhondo anayamba kuwerengedwa mozama, komanso munthu yemwe VA yavomereza kuti sangathenso kugwira ntchito amalandira ngati wa 100 olo maperesenti ake asanafike, ndipo Texas imamuwerengera momwemo. Kenako mu August 2022 pulezidenti wa nthawiyo Joe Biden anasaina lamulo la PACT Act lomwe linatsegula khomo kwa omwe anadwala ndi utsi wa maenje otenthera zinyalala mmakampu a ku nkhondo, komanso mankhwala ophera zomera a Agent Orange a ku Vietnam, ndiye ofunsira chithandizo ku VA anachuluka kwambiri.

Pa mkangano wonsewu simudzamva meya kapena khansala wa ku Killeen akunena kuti chikhululukirocho chithe, anganene bwanji poti omuvotera ndi omwewo, ena mwa makhansalawo ndi asilikali opuma eni ake. Chomwe amapita nacho ku Austin nyumba ya malamulo ikamakumana, zomwe zimachitika kamodzi pa zaka ziwiri, ndi choti chigawo chonse chinavota ndiye chigawo chonse chilipire, abweze ndalama yonse yotayikayo osati pang'ono chabe. Ena amaonjeza kuti pakhale malire a mtengo wa nyumba monga ilili Illinois, koma ganizo limenelo mabungwe a asilikali opuma salifuna nkomwe.