Wa mafolowa ambiri sakugulitsirani katundu, tamvani

Ndatopa nawo mawu oti "tipezereni wa mafolowa ambiri atitrendetse". Mwini bizinesi aliyense wobwera ku ofesi kwathu amayambira pomwepo, wa sopo, wa sukulu ya pulaiveti, ngakhale a mabungwe omwe. Mumulipire inde, aposita, anthu alemba "moto moto" mmunsimo, mawa lake zazilala ndipo katundu ali phee pa shelefu.

Kumva za chinthu ndi kuchikhulupirira ndi ntchito ziwiri, ndipo amazigwira ndi anthu osiyana. Izi sizinayambe ndi Facebook ayi. Mu 1943 Bryce Ryan ndi Neal Gross anatulutsa kafukufuku wa mmene chimanga cha haibridi chinafalikira kwa alimi a ku Iowa ku America. Ambiri anamva koyamba kwa ogulitsa mbeu koma sanadzale nthawi yomweyo, anadikira zaka, ndipo amene anawakopa kwambiri anali aneba omwe anayesa kale. Ngakhale pomwepo ankayamba ndi kachigawo kochepa ka munda kuti aone kaye. Wotchuka wanu uja ndi wogulitsa mbeuyo. Neba ndiye mulibe, simunamuganizireko nkomwe.

Neba ameneyu kwathu kuno ndi mayi wosunga bokosi la banki mkhonde, ndi adimini wa gulupu ya WhatsApp ya mpingo kapena ya makolo a pa sukulu, ndi wa kabaza amene amanyamula mudzi wonse nkhani ili pakamwa, ndi mlangizi wa zaumoyo yemwe amayi amakumana naye ku sikelo mwezi ndi mwezi. Ena mwa amenewa alibe ndi Facebook yomwe koma akati "chimenechi ndachiyesa" anthu amatulutsa ndalama. Wailesi musaiwale, kumudzi Zodiak kapena wailesi ya mdera imafika komwe bandulo safika.

Nkhani imene imandiwawabe mpaka pano ndi ya anamapopa mu 2017. Mphekesera inayaka ku Mulanje ndi Phalombe cha mu Seputembala, kenako Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Anthu anaphedwa pongowaganizira kuti ndi opopa magazi, achinyamata anayika marodibuloko awoawo mmisewu kumasecha galimoto, a UN anachotsako antchito awo. Ndani anaitrendetsa? Panalibe wotchuka aliyense, panalibe bajeti. Inkayenda pa mjigo, pa maliro, pa msika, wina akuti mlamu wake wakumana nazo usiku, ndiye iwe ungatsutse mlamu wa mnzako? Akuluakulu amati akamanena kuti ndi bodza, kwa munthu amene wagona panja ndi chibonga mmanja zimamveka ngati akubisa. Pofika poti mafumu ndi azibusa akhale pansi ndi anthu, maliro anali atachitika kale. Chinthu chimafalikira chikapeza anthu okonzeka kale kuchikhulupirira, ndipo kumeneko mantha a za magazi analipo kuyambira kalekale, mu 2002 zinachitikanso.

Nde mukamva kuti kwayamba kamphekesera ka bizinesi yanu, kaya akuti mafuta anu ndi osakaniza kaya sukulu yanu sinalembetsedwe ku boma, musati tidikire bwana abwere Lolemba tilembe sitetimenti. Pofika Lolemba voisinoti yazungulira magulupu onse ndipo kalata yanu ya chingerezi ija aiwerenga ndi atolankhani okha. Imbani foni tsiku lomwelo kwa anthu omwe makasitomala anu amawamvera, muwaonetse umboni ndi maso, setifiketi ya bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS ngati ilipo agwire ndi manja, akafotokoze okha mmawu awo.

Ndipo chonde samalani ndi anyamata omwe akudzitcha akatswiri masiku ano. Amalonjeza kuti pakutha sabata mukhala mukutrenda, mukalipira amakagula mafolowa abodza, peji ya shopu ya ku Area 25 mwadzidzidzi yadzaza maina a ku Asia oti sadzagula olo paketi ya machesi. Ena amatsegula maakaunti abodza oti azikuyamikirani mmakomenti, anthu akazindikira ndi inu amene mumasanduka choseketsa, iye wathimitsa foni. Musanapereke olo 1 kwacha mufunseni kuti kasitomala wake womaliza anagulitsa zingati, akayamba kukuonetsani ma layiki mutsanzikeni.