Musadine OK musanawerenge zomwe kompyuta yalemba

Pafupifupi tsiku lililonse wina amandiimbira kuti, "Kompyuta inalemba zinazake, ndadina OK, tsopano yakana." Ndikafunsa kuti inalemba chiyani, amati, "Aa, zachingerezi zija." Abale anga, mawu amenewo ndi omwe ndimafuna. Tengani foni yanu, jambulani sikirini yonse pamodzi ndi manambala ake, ndipo mukumbukire zomwe mumachita nthawi imeneyo. Popanda zimenezi ine ndilibe poyambira.

Ndikuvomereza, mauthenga ena ndi osokoneza ndithu. Makompyuta akale ankalemba kuti "Keyboard not found, press F1 to continue", anthu n'kumaseka kuti adina bwanji batani la pa kiyibodi yomwe sikupezekayo. Komatu amatanthauza kuti lumikizani kaye chingwe chake, kenako mudine. Maprinta a HP LaserJet ankalemba "PC LOAD LETTER", ndipo ambiri ankathamangira kukayang'ana kompyuta. PC pamenepo ndi kabokosi koikamo mapepala, Letter ndi saizi ya pepala la ku America, lalifupi komanso lotambalala pang'ono kuposa A4. Chikalata chinakonzedwa pa saizi ina, mu printa muli ina, basi.

Koma chizolowezi chongotseka uthenga uliwonse chimapweteketsa. Mayi wina wa ku ofesi yowerengera ndalama sindimuiwala. Kwa milungu itatu, m'mawa uliwonse, kompyuta yake inkalemba kuti "Windows detected a hard disk problem", iye n'kumangotseka chifukwa ntchito inali kuyenda. Hard disk, chipangizo chomwe chimasunga mafayilo mu kompyuta, imadziyeza yokha kudzera mu njira yotchedwa SMART, ndipo ikayamba kutha imachenjeza. Akanandiitana tsiku loyamba, tikanakopera mafayilo ake onse tsiku lomwelo. Kompyutayo itakana kuyaka, anachita mantha kundiuza, n'kuipereka kwa mnyamata wina woti "amadziwa zamakompyuta". Mnyamatayo anafufuta zonse n'kuikamo Windows yatsopano pamwamba pa ntchito ya zaka zinayi. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa ngakhale itakana kuyaka, mafayilo ambiri mwina tikanawapulumutsa. Kompyuta ikakana kuyaka ndipo muli zinthu zofunika, izimitseni, musalole aliyense kuikamo chatsopano mafayilo asanakopedwe n'kusungidwa kwina bwinobwino.

Pali uthenga umodzi womwe ndikufuna muukane. Umadzaza sikirini yonse, nthawi zina ndi kaphokoso, n'kumati kompyuta ili ndi vairasi, imbani nambala iyi msanga. Microsoft inanena poyera kuti mauthenga ake enieni sakhala ndi nambala ya foni. Amene amayankha kumeneko ndi akuba. Amakuuzani kuti muike pulogalamu yowalola kulowa mu kompyuta yanu ali kutali, kenako amafuna ndalama kapena amaba mapasiwedi. Ngati munaimba kale n'kuwalola kulowa, dulani intaneti nthawi yomweyo, uzani a IT (akatswiri osamalira makompyuta) popanda manyazi, ndipo mapasiwedi onse musinthire pa kompyuta ina, osati yomweyo.