Mawu a ndani? Chinsinsi cha filimu ya Singin' in the Rain

Filimu ya Singin' in the Rain, yomwe kampani ya MGM idatulutsa mu 1952, ambiri amaikumbukira chifukwa cha Gene Kelly akuvina mumsewu mvula ikukhuthuka, ambulera ili m'manja koma osafunda. Ife amene timagwira ntchito yojambula ndi kukonza mawu a m'mafilimu timaionera zina. Kwa ife iyi ndi sewero loseketsa lonena za maikolofoni, ndipo nkhani yake yonse yagona pa funso limodzi: milomo imene mukuiona ikuyenda pa kanemayo, mawu akutulukapowo ndi a mwini milomo kapena a munthu wina?

Nkhaniyi ikuchitikira ku Hollywood mu 1927. Kelly akusewera ngati Don Lockwood, Jean Hagen ngati Lina Lamont, awiri otchuka m'mafilimu opanda mawu pa kampani yongopeka ya Monumental Pictures. Masiku amenewo zolankhula ankazilemba pa kanema kuti anthu aziwerenga, ndipo nyimbo ankaimba ndi anthu okhala m'holo momwemo, wina pa piyano, m'maholo akuluakulu gulu lonse la oimba. Lina ndi chiphadzuwa, koma akangotsegula pakamwa mawu ake ndi olasa m'khutu. Kampani yakhala ikubisa zimenezi pomuletsa kulankhula pagulu. Kenaka Warner Bros. itulutsa The Jazz Singer, anthu akhamukira kukaonera Al Jolson akuimba ndi kulankhula, ndipo kampani iliyonse iyamba kufuna filimu yolankhula. Chobisika cha Lina chilibenso pobisala.

The Jazz Singer ndi filimu yeniyeni, idatuluka mu October 1927. Mbali yaikulu ya filimuyo idali yopanda mawu ngati zinzake. Kupatula nyimbo, zolankhula zomveka zidali za mphindi ziwiri chabe kapena cha pomwepo. Njira imene Warner Bros. inkagwiritsa ntchito inkatchedwa Vitaphone, ndipo mawu sankakhala pa filimu. Ankakhala pa chimbale chachikulu cha mainchesi 16, chozungulira maulendo 33 ndi kachidutswa pa mphindi, chimbale chimodzi pa mkombero umodzi wa filimu. Woonetsa ankaika singano pa kachizindikiro kolembedwa pa chimbalepo, n'kuyambitsa zonse pamodzi. Singano ikadumpha, kapena filimu ikaduka n'kuilumikiza atatayako tizithunzi tingapo, mawu ndi milomo zinkasiyana njira mpaka mkombero wonse kutha.

Mukadziwa zimenezi, chigawo china cha Singin' in the Rain chimaseketsa kawiri. Pa tsiku loyesa kuonetsa filimu yoyamba yolankhula ya Don ndi Lina, mawu atsalira m'mbuyo. Mwamuna wankhanza akugwedeza mutu kuvomera koma kukumveka mawu a mkazi akukana, mkazi akupukusa mutu kukana kukumveka mawu aamuna akuvomera. Oonera akufa nacho chiseko. Makampani enieni sadaseke nazo, n'chifukwa chake pasanathe zaka zambiri onse adasamukira ku njira yosindikiza mawu m'mphepete mwa filimu yeniyeniyo, monga Fox inkachitira ndi Movietone. Nthawi yomweyo ndi pamene liwiro la zithunzi 24 pa sekondi lidakhazikika. Kale wojambula ankapukusa kamera ndi dzanja, kufulumira kapena kuchedwerapo pang'ono palibe ankadandaula, koma mawu salola zimenezo: liwiro likangosintha, khutu limamva msanga.

Chigawo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha maikolofoni. Aibisa m'chitsamba cha maluwa, ndipo Lina akamalankhula akutembenuzatembenuza mutu, theka la mawu likulowa, theka likutayika. Aisokerera pachifuwa pa diresi, iyamba kujambula kugunda kwa mtima wake. Aisunthira paphewa, bwana wa kampani abwera n'kukoka waya, Lina gada pansi. Pa tsiku loonetsa lija mikanda ya m'khosi mwake ikusokosera kuposa mawu ake. Awonjezerako mchere, inde, koma maziko ake ndi oona. Maikolofoni a nthawi imeneyo ankatola chilichonse, ndipo ochita sewero ankaima chilili pafupi ndi pamene yabisidwa. Kamera inkachita phokoso, choncho ankaitsekera m'kabokosi ka magalasi pamodzi ndi wojambula, thukuta lili kamukamu. Nyale zakale zinkalira, adazisintha n'kuika zina zachete koma zotentha. Kwa zaka zingapo mafilimu, amene adali atazolowera kuthamanga, adaumitsidwa malo amodzi. Mpaka lero nsalu yokhula pa kamaikolofoni kobisidwa m'malaya ndi mdani wathu wamkulu, ndipo mikanda timapempha ovala kuti avule kapena timaimata kuti isagwedere.

Pamene filimuyi ikupotoza mbiri ndi pa chifukwa chimene akatswiri ena adagwera. Imapangitsa munthu kuganiza kuti adagwa chifukwa cha mawu oipa basi. Chigawo chimene Don akubwereza "I love you" kambirimbiri mpaka anthu kumuseka adachitengera kwa John Gilbert wa ku MGM komweko, amene adasekedwa chimodzimodzi mu His Glorious Night ya 1929. Koma mukamumvera Gilbert mu Queen Christina ya 1933, ali ndi Greta Garbo, mawu ake ndi abwinobwino. Chidamugwetsa ndi zolankhula zolembedwa mopanda nzeru, kachitidwe ka chikondi kokokomeza komwe kankakoma kopanda mawu, komanso kusamvana ndi mabwana ake. Emil Jannings, mwamuna woyamba kulandira mphoto ya mafilimu ya Oscar ya wochita sewero bwino, adabwerera kwawo ku Germany mu 1929 chifukwa cha Chingerezi chake. Garbo, wa ku Sweden, adalankhula mu Anna Christie ya 1930 ndipo kutchuka kwake kudangowonjezereka. Amene adaluza kwenikweni, oimba zikwizikwi a m'maholo amene ntchito yawo idathera pomwepo, filimuyi siwatchula n'komwe.

Tibwerere ku nkhani. Cosmo Brown, mnzake wa Don yemwe akuseweredwa ndi Donald O'Connor, atulukira nzeru: Lina azingoyendetsa milomo, mawu alowetsepo Kathy Selden, mtsikana wosadziwika amene Don wagwa naye m'chikondi. Kathy ndi Debbie Reynolds, yemwe pojambula filimuyi adali ndi zaka 19. Kunena zoona, nzeru imeneyi Cosmo adaifulumira nayo, chifukwa makina a nthawi imeneyo sankatha kuchita zimenezi mosavuta. Ku England mu 1929, pamene Alfred Hitchcock ankajambula Blackmail, Anny Ondra ankalankhula Chingerezi cholemera Chitcheki, ndipo chimene adachita ndi kuimika Joan Barry pambali pa kamera kuti azilankhula mu maikolofoni nthawi yomweyo Ondra akuyendetsa milomo.

Komabe MGM idali ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi. Pojambula The Broadway Melody ya 1929, chigawo china cha nyimbo chidafunika kubwereza, ndipo Douglas Shearer, mkulu wa za mawu pakampanipo, adati palibe chifukwa choitanitsanso oimba: aulutse nyimbo yojambula kale, ovina azitsatira. Kuyambira pamenepo mafilimu a nyimbo akhala akupangidwa chotero, kuyamba kujambula nyimbo, zithunzi pambuyo. Nyimbo za filimu imeneyo adapeka ndi Arthur Freed ndi Nacio Herb Brown. Freed yemweyo, atakwera n'kukhala bwana wa mafilimu a nyimbo ku MGM, ndiye adaitana Betty Comden ndi Adolph Green n'kuwauza kuti alembe nkhani yoti nyimbo zake zakale zikwanemo. Awiriwa adaona kuti nyimbozo zikununkha zaka za m'ma 1929, n'chifukwa chake adaika nkhani yawo m'nthawi imene mafilimu ankaphunzira kulankhula. Nyimbo ya mvula ija idamvekapo kale mu The Hollywood Revue of 1929. Otsogolera filimuyi, Kelly ndi Stanley Donen, adali pa kampani yodzaza ndi anthu amene adaona masiku amenewo ndi maso awo.

Tsono nachi chinsinsi. Pali chigawo chimene tikuona Kathy ataima pa maikolofoni akulankhula m'malo mwa Lina, mawu ozama, ofatsa, a mayi wolemekezeka. Mawu amenewo si a Debbie Reynolds. Ndi a Jean Hagen mwiniwake, akulankhula mmene ankalankhulira masiku onse. Mawu olasa a Lina aja adali ochita kupanga. Hagen adali katswiri wa zisudzo amene adakhalapo woyembekezera kulowa m'malo mwa Judy Holliday mu sewero la Born Yesterday ku Broadway, dera la nyumba za zisudzo ku New York. Choncho Hagen akubwereketsa mawu ake kwa Reynolds, amene akunamizira kubwereketsa mawu ake kwa Hagen. Sizikuthera pomwepo. Nyimbo ya "Would You", imene Kathy akuimbira Lina, akuimba ndi mayi wina, Betty Noyes, amene dzina lake silidalembedwe pa filimuyi. Kumapeto kwa nkhani Don, Cosmo ndi bwana wawo akoka chingwe, katani ikwera, anthu aona Kathy akuimba kumbuyo kwa Lina, ndipo Don alengeza kuti mwini mawu ndi ameneyu. Katani ya Betty Noyes palibe adaikoka.

Ena amati chimenechi ndi chinyengo chochititsa manyazi. Ine ndimachigawa pawiri. Kusintha mawu pakokha si mlandu, ndiyo ntchito yathu. Mawu ambiri amene mumamva mu filimu sadajambulidwe nthawi imodzi ndi chithunzi: mapazi, zitseko, mphepo, ngakhale kugogoda kwa nsapato za ovina m'mafilimu a MGM ankakulowetsa pambuyo. Amene adaonerapo mafilimu omasuliridwa m'Chichewa m'nyumba zoonetsera mavidiyo akudziwa kale kuti diso limakhululuka msanga nkhope ikavala mawu a munthu wina. Mlandu uli pa dzina. Kuipa kwa Lina m'nkhaniyi si mawu ake, koma kuti akuopseza kampani ndi mgwirizano wake kuti Kathy akhale kumbuyo mpaka kalekale, osatchulidwa. Zimene filimuyi ikudzudzula mwa Lina ndi zimene makampani ankachita tsiku ndi tsiku. Marni Nixon adaimbira Deborah Kerr mu The King and I ya 1956, Natalie Wood mu West Side Story ya 1961, ndi Audrey Hepburn mu My Fair Lady ya 1964, dzina lake osaoneka pa kanema. Ku India adasankha njira ina: aliyense ankadziwa kuti woimba ndi Lata Mangeshkar ngakhale milomo ili ya wina, ndipo adatchuka kuposa ambiri amene ankawaimbira.

Zobwereka zilipo zinanso. "Make 'Em Laugh", pomwe O'Connor akuthamanga kukwera khoma n'kudzigudubuza m'mwamba, idatchulidwa kuti ndi nyimbo yatsopano ya Freed ndi Brown, koma ikufanana kwambiri ndi "Be a Clown" ya Cole Porter ya mu The Pirate, filimu ya 1948 imene Freed yemweyo adapanga. Porter sadasume.

Filimuyi itatuluka idapanga phindu, koma sidatengedwe ngati chinthu chachikulu. MGM idali itangolandira kumene Oscar ya filimu yopambana chifukwa cha An American in Paris, momwenso mudali Kelly, ndipo maso a anthu adali kumeneko. Ulemu udabwera pang'onopang'ono: mu 1989 idali m'gulu la mafilimu 25 oyamba amene Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, idasankha kuti asungidwe ngati chuma cha dziko, ndipo mu 2007 bungwe la American Film Institute lidaiika pa nambala 5 mwa mafilimu onse a ku America. Pa mpikisano wa Oscar wa chaka chake idangotchulidwa m'magawo awiri, osapambana ngakhale limodzi. Gawo limodzi lidali la Lennie Hayton pa kakonzedwe ka nyimbo. Linalo lidali la Jean Hagen, amene adagonja kwa Gloria Grahame wa mu The Bad and the Beautiful, filimu inanso ya MGM ya chaka chomwecho yonena za nkhanza za anthu opanga mafilimu ku Hollywood.