Udzudzu waumuna ulibe testosterone, koma homoni yake imagwira ntchito m'thupi la mkazi

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yofufuza mahomoni a tizilombo, funso limakhala lomwelomwelo, eti ndiye kuti ntchentche yaimuna ili ndi testosterone ngati ife? Ayi ndithu. Kwa munthu, machende amatulutsa homoni imeneyi, imayenda m'magazi nkukauza thupi lonse kuti apa tamera ndevu, apa mawu akhale abesi. Tizilombo sitiyendera zimenezo. Selo iliyonse imadzidziwira yokha kuti ndi yaimuna kapena yaikazi malinga ndi ma gene omwe ili nawo, nchifukwa chake mwa apo ndi apo pamapezeka gulugufe yemwe phiko lakumanzere ndi lachimuna, lakumanja lachikazi, malire ake ali pakatikati penipeni ngati wina wachita kujambula ndi lula. Akanakhala kuti homoni ya m'magazi ndi yomwe ikulamula, zoterezi sizikanatheka chifukwa magazi amafika mbali zonse ziwiri.

Koma sikuti tizilombo tilibe ma steroid, gulu la mahomoni lomwe testosterone ilimo. Tili nawo, dzina lake ecdysone. Anaipeza koyamba mu 1954 a Adolf Butenandt ndi a Peter Karlson ku Germany, ndipo ntchito yake inali yakalavulagaga: anafinya makilogalamu 500 a mbozi za silika zomwe zinali pakati posanduka agulugufe, nkupezamo mamiligalamu 25 okha. A Butenandt omwewa ndi amene anali atapeza kale mahomoni a anthu a estrone mu 1929 ndi androsterone mu 1931, ndiye anali munthu wodziwa chomwe akusaka.

Ntchito yodziwika ya ecdysone ndi kufundula. Khungu la kachilombo ndi lolimba, silitanuka kwenikweni, ndiye kuti kakule kamayenera kuvula lakale nkupanga lina. Ubongo ndi womwe umayambitsa, umatulutsa homoni yotchedwa PTTH yomwe imakadzutsa kachiwalo kena ka m'chifuwa, prothoracic gland, ndipo kachiwaloko nkomwe kamapanga ecdysone. Zopangira zake ndi cholesterol, yomweyo madokotala amatiopseza nayo ija, kungoti kachilombo sikatha kudzipangira yokha ngati mmene chiwindi chathu chimachitira. Kamayenera kuipeza mu chakudya basi. Todya masamba timatenga mafuta ofanana nayo a m'zomera nkuwasintha. Ma gene omwe amayendetsa fakitale imeneyi ali ndi maina oseketsa, spook, phantom, disembodied, shadow, shade, onse a mizukwa ndi zithunzithunzi, chifukwa ana a ntchentche opanda ma gene amenewa amafera m'dzira ali mbee, khungu lawo losaumbika bwino. Wotsirizayo, shade, amagwirira ntchito kunja kwa kachiwalo kaja, m'mafuta a m'thupi ndi m'matumbo, komwe ecdysone imasanduka 20-hydroxyecdysone. Dzina lalitali, mu labu timangoti 20E, ndipo iyi ndiye yamphamvu yeniyeni.

Tsopano apa mpomwe pali nkhani. Kachilombo kakamera mapiko nkukhala kachikulire sikafundulanso, ndipo mu tizilombo tambiri prothoracic gland ija imafota nkutheratu. Fakitale yatsekedwa. Kwa nthawi yaitali anthu ankangoganiza kuti ecdysone ndi homoni ya ubwana, ikatha ntchito yake basi. Mu 1975 a Henry Hagedorn ndi anzawo anasonyeza kuti udzudzu waukazi wa Aedes aegypti ukayamwa magazi, ziwalo zake zosungira mazira zimayamba kupanga ecdysone, ndipo ndi yomwe imathandiza kuti mazira akhwime. Kuchokera pamenepo maso onse anapita kwa akazi. Aamuna anasiyidwa, mbali ina chifukwa homoni yawo nthawi zambiri imakhala yochepa kwambiri, yovuta kuyeza, komanso kunena chilungamo udzudzu waumuna suluma munthu, umangoyamwa timadzi ta m'maluwa, ndiye ndani akanataya ndalama za kafukufuku pa iwo?

Pang'onopang'ono zinayamba kuoneka kuti naye mwamuna ali ndi malo ena opangira. M'zaka za m'ma 1980 a Marcia Loeb ku America anapeza kuti kachikuta kokutira machende a gulugufe wausiku wotchedwa Heliothis virescens kamatulutsa ma steroid amenewa, ndipo ubongo ndi womwe umalamula kudzera mu kahomoni kena. Mu kachikumbu ka mu ufa, Tribolium castaneum, kafukufuku wa mu 2013 analoza malo ena, timatumba tomwe timapanga madzi operekeza mbewu yaumuna, ma accessory gland. Ndiye malo opangira si amodzi, zimatengera mtundu wa kachilombo.

Koma chomwe chimandisangalatsa ine kuposa zonse ndi Anopheles gambiae, udzudzu wofalitsa malungo uja. Ukaugoneka waumuna pa galasi, m'kadontho ka madzi amchere, nkukoka kumapeto kwa mimba ndi kachopanira kosongoka, ziwalo zonse zoberekera zimatuluka ngati kaulusi. Pa maikulosikopu machende ake sachita kuoneka ochititsa chidwi. Chomwe chimakukopa maso ndi timatumba tiwiri tija, totupa, tachikasu, makamaka ngati udzudzuwo watha masiku angapo osakwera. Mu 2008 a Emilie Pondeville ndi anzawo ku Paris anasonyeza kuti timatumba timeneti timapanga 20E yambiri zedi nkuisunga, ndipo mwamunayo akakwera imachepa m'thupi mwake nkukapezeka mwa mkazi. Kenako iye amayambanso kupanga ina.

Zimachitika chonchi. Dzuwa likamalowa aamuna amaunjikana m'malere nkumazungulira pamalo amodzi, waukazi amalowa m'gulumo, wina amamugwira, ndipo zonse zimatha m'masekondi owerengeka. M'kanthawi komweko mwamuna amapereka mbewu yake, kenako amatsekapo ndi kachotsekera kowundana ngati phula kopangidwa ndi madzi a m'timatumba tija. Homoni ili m'menemo. Gulu la a Flaminia Catteruccia, omwe pano ali ku Harvard, ndi lomwe latsatira bwino zomwe zimachitika pambuyo pake: mkaziyo amakhwimitsa mazira ochuluka akayamwa magazi, amayamba kuikira, mbewu yomwe wasunga imatetezeka, ndipo safunanso mwamuna wina. Akazi ambiri a mtundu umenewu amakweredwa kamodzi kokha moyo wawo wonse. Mu labu ukabaya 20E namwali yemwe sanakumanepo ndi mwamuna, amayamba kuchita ngati wokweredwa kale, kukana amuna nkumaikira mazira opanda kanthu akayamwa magazi.

Panali kafunso kena kovutitsa. Mkaziyo nayenso amapanga 20E yake akayamwa magazi, nanga bwanji yakeyo simupangitsa kukana amuna? Yankho linatuluka mu 2022 m'magazini ya Nature kuchokera ku gulu lomweli. Mwamuna amapanganso mtundu wina wosinthika pang'ono, 3D20E, womwe mkazi sapanga, ndipo umenewu ndi womwe umatseka chitseko. Chinanso chanzeru, akamausunga amaumatapo phosphate, ngati kuika loko, kuti usagwire ntchito nthawi isanakwane, ndipo lokoyo imachotsedwa homoniyo ikafika m'thupi la mkazi. Ine ndimaona kuti apa mpomwe pali phunziro lalikulu pa mmene mwamuna amayendetsera homoni yake, sikungopanga kokha ayi, komanso kuisunga ili yomangidwa. Anapezanso kuti 3D20E imathandiza mkazi yemwe watenga tizilombo ta malungo ta Plasmodium falciparum kuti asatsike pa kuchuluka kwa mazira. Ndiye kuti udzudzu wonyamula matenda umaberekabe bwinobwino, zomwe kwa ife si nkhani yabwino olo pang'ono.

Si Anopheles aliyense amachita izi. Wa ku Central America ndi South America wotchedwa Anopheles albimanus sapanga kachotsekera kaja ndipo 20E mwa aamuna ake ndi yochepa kwambiri.

Nanga homoniyi mwa mwamuna mwiniwakeyo imachita chani? Zambiri tazidziwira pa ntchentche ya zipatso, Drosophila. Yaimuna ikamafunsira yaikazi yomwe yakweredwa kale, imakanidwa, nkukanidwanso, kwa maola angapo, mapeto ake imagwa ulesi moti olo uipatse ina pakapita masiku imafunsira monyinyirika. Imakumbukira. Mu 2009 a Hiroshi Ishimoto ndi a Toshihiro Kitamoto ku University of Iowa anasonyeza kuti pa nthawi yokanidwayo 20E imakwera m'thupi, ndipo ntchentche zomwe homoniyi sigwira bwino zimaiwala msanga nkuyambiranso kuvutitsa. Chaka chotsatira anapezanso kuti imakhudza tulo, ukaidyetsa 20E imagona kwambiri, ukaimana tulo homoniyi imakwera. Ndiye mwa wamkulu imaoneka ngati homoni ya nthawi ya mavuto, pafupifupi mmene cortisol imachitira mwa ife, kusiyana ndi homoni ya umuna.

Zonsezi zili ndi phindu lake. Alimi akhala akugwiritsa ntchito mankhwala ngati tebufenozide ndi methoxyfenozide omwe amanamiza mbozi kuti 20E yafika, mbozi nkuyamba kufundula nthawi isanakwane nkufa. Mu 2016 gulu la ku Harvard lija linayesa methoxyfenozide pa udzudzu waukazi wa Anopheles gambiae mu labu: ambiri omwe anawapaka sanalole kukweredwa, mazira anachepa, anafa msanga, komanso tizilombo ta malungo sitinakule bwino m'mimba mwawo.