Mkangano wa bowa wa ku mizu ndi kaboni wa m'nthaka

Nkhaniyi inayamba ndi bowa wodya. Boma la Prussia, ufumu wakale wa ku Germany, linatuma Albert Bernhard Frank, katswiri wa zomera wa ku Berlin, kuti aone ngati truffle, bowa wokwera mtengo womera pansi pa nthaka, angamalimidwe. Zaulimizo sizinapite patali. Koma pofukula mizu ya mitengo, Frank ankapeza nsonga zake zitakulungidwa ndi ulusi wa bowa, ndipo mu 1885 analemba kuti awiriwa amadyetsana: mtengo umapereka shuga, bowa amabweza madzi ndi michere. Anatcha ubalewu mycorrhiza, kutanthauza muzu wa bowa. Anzake ambiri anamutsutsa, ati ndi matenda chabe a mizu.

Funso la kaboni, chinthu chimene zomera zimatenga mu mpweya n'kumangira matupi awo, linabwera mochedwa: kodi bowa wa ku mizu amathandiza kuti kaboniyu asungike m'nthaka? Mu 1971, Ruth ndi Peter Gadgil ku New Zealand anakumba ngalande kuzungulira timalo m'nkhalango ya paini, n'kudula mizu yonse yolowamo. M'timalo topanda mizu ndi bowa wake, masamba ogwa ankawola msanga. Zinaoneka kuti bowa wa ku mizu amalanda mchere wa m'nthaka wotchedwa nayitirojeni, tizamoyo towoletsa zinyalala n'kutsala ndi njala, kaboni n'kukhalitsa pansi. Ena atabwereza ntchitoyi kwina, pena zinkachitikadi, pena ayi, ndipo mpaka lero akatswiri sanamvane.

Mu 1996 Sara Wright wa ku America anatulukira chinthu chomata dothi chimene anati chimachokera ku bowa wa ku mizu, n'kuchitcha glomalin. Chinatchuka kwambiri, mpaka anthu anazindikira kuti njira yochichotsera m'dothi imakokanso zinthu zina zosachokera ku bowa. Mbiri yake inazilala.

Umboni umene ine ndimauona wolemera ndi wa Karina Clemmensen ndi anzake mu 2013. Pa zilumba za m'nyanja za kumpoto kwa Sweden anapeza kuti pakati pa 50 ndi 70 peresenti ya kaboni wosungika m'nthaka anachokera ku mizu ndi bowa wake, osati ku masamba ogwa monga ankaganizira kale. Kenako mu 2023 gulu la Heidi Hawkins linawerengera kuti zomera zimatumiza kwa bowa ameneyu kaboni wofanana ndi matani 13 biliyoni a mpweya wa kaboni pachaka. Manyuzipepala anadumpha nayo nambalayi. Chimene ambiri anaiwala n'chakuti imeneyi ndi mbali ya kaboni wolowa chabe: bowa amapuma, amafa, amawola, ndipo kaboni wambiri amabwerera kumwamba.

Zambiri mwa zimenezi zinayezedwa m'nkhalango zozizira. Komatu mitengo ya miombo, monga mombo, mchenga ndi msuku, ili ndi bowa wa mtundu umene Frank anaona, chinthu chimene katswiri wa ku Sweden, Peter Högberg, anachilemba atafukula mizu ku Tanzania ndi ku Zambia m'zaka za m'ma 1980. Kuno masamba sakhalitsa pansi ngati ku Sweden. Moto wa m'chilimwe ndi chiswe zimawamaliza. Amayi othyola ndelema ndi manyame mvula ikagwa amadziwa tsinde limene ayenera kupitako, ndipo amadziwanso kuti pamene adula mitengo n'kuwotcha makala, bowa ameneyu sameranso.