Maso akamalephera kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira

Mwana mwamutuma kudimba kukathyola tomato wakupsa, iye wabwera ndi wosapsa. Kusukulu aphunzitsi amuuza kuti ajambule mbendera ya Malawi, iye wapaka zobiriwira pomwe pamayenera kufiira. Makolo ambiri amathamangira kunena kuti mwanayo ndi wamwano kapena wopepera, ena mpaka kumukwapula. Chonde musatero. Mwina maso ake ndiwo sasiyanitsa mitundu.

Kumbuyo kwenikweni kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina. Pamenepo pali timaselo tamitundu iwiri. Ma rod, omwe alipo pafupifupi 120 miliyoni, ndi amene amatithandiza kuona kukachita mdima, ngati mmene msodzi amaonera bwato la mnzake usiku pa Malombe, koma sazindikira mtundu wa chinthu. N'chifukwa chake usiku mwezi ukamawala chitenje chilichonse chimaoneka chotuwa. Ma cone, pafupifupi 6 miliyoni, amagwira ntchito pakawala, ndipo ali m'magulu atatu: ena amamva kwambiri kuwala kofiira, ena kobiriwira, ena kwabuluu. Ubongo ndi umene umaphatikiza uthenga wa magulu atatuwa n'kutiuza kuti ili ndi bango lakupsa. Gulu limodzi likasowa kapena likafooka, mitundu ina imafanana.

Vutoli anthu ambiri amabadwa nalo, makamaka amuna. Limayenda m'magazi kudzera kwa mayi, ngakhale mayiyo nthawi zambiri amaona bwinobwino. Bambo sapatsira mwana wake wamwamuna. Choncho ngati malume kapena agogo aamuna akuchikazi ankasokoneza mitundu, muyeseni mwana wanu. Si ufiti, si matenda opatsirana, ndiponso silikula. John Dalton, katswiri wa sayansi wa ku England, anafotokoza za vuto lomweli m'maso mwake mu 1794, ndipo anagwira ntchito yake mpaka ukalamba. Mankhwala ochiza palibe, ndiye musataye ndalama kapena kudonthezera madzi a zitsamba m'maso. Chofunika n'kudziwa msanga. Auzeni aphunzitsi, mulembereni dzina la mtundu pa chekeni chilichonse, ndipo akamasankha ntchito adziwe kuti zina zimadalira mitundu. Sitima ngati Ilala imayatsa nyali yofiira kumanzere ndi yobiriwira kumanja, ndipo woyendetsa panyanja usiku ayenera kuzisiyanitsa. Amagetsi nawo amazindikira mawaya ndi mitundu.

Kuyeza sikupweteka. Amakuonetsani zithunzi za timadontho tamitundumitundu momwe mwabisika nambala, inu n'kunena nambala imene mukuiona. Njirayi anaiyambitsa dokotala wa ku Japan, Shinobu Ishihara, mu 1917.

Koma nkhani imene tikufuna muimvetsetse kwambiri ndi iyi. Ngati kale munkaona mitundu bwino, ndiye posachedwapa zinthu zayamba kuoneka zofwifwa, kapena diso limodzi likuona mosiyana ndi linzake, kumeneko si kubadwa nako. Ndi chizindikiro cha matenda. Shuga amawononga timitsempha ta mu retina. Nthenda ya maso yotchedwa glaucoma imapha mtsempha wa diso pang'onopang'ono popanda ululu. Ng'ala imachititsa kuti zonse zioneke zachikasu ndi zachifunga, ndipo imeneyi imachotsedwa ndi opaleshoni. Kumwa kachasu mopitirira muyeso nakonso kumawononga mtsempha wa diso.

Amene mukumwa mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB, tcherani khutu. Umodzi mwa mankhwalawo, ethambutol, nthawi zina umavulaza mtsempha wa diso, ndipo chizindikiro chimodzi choyambirira ndi kulephera kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Mukaona zimenezi pitani tsiku lomwelo komwe mumalandirako mankhwala, mukawauze adokotala musanamwe ena. Akadziwa msanga n'kusintha mankhwala, maso a anthu ambiri amabwerera mwakale. Musangosiya nokha n'kukhala kunyumba, chifukwa TB ingabwerere mwamphamvu.

Mwana amene amapunthwa kukangoyamba chisisira mwina akusowa vitamini A, amene ma rod amadalira. Mpatseni mango, papaya, mbatata yofiira mkati, mazira ndi masamba, ndipo musaphonye kusikelo komwe ana osakwana zaka 5 amalandira vitaminiyu.

Yambirani kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu kapena kwa azamaso pa chipatala cha boma cha Mangochi. Vuto likakula amatumiza ku Zomba Central Hospital kapena ku Queens ku Blantyre. Popita tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa.