Akasiya kunjenjemera ali pamwamba pa phiri, musati wapeza bwino

Sabata yathayi ndamvanso mawu omwe aja. Bambo wina atatsika m'galimoto cha ku hotelo ya Ku Chawe paphiri la Zomba anayang'ana chikwama changa n'kuyamba kuseka. "Achimwene, katundu yenseyu ngwachiyani? Kuno si ku Mulanje, tangobwera kudzawongola miyendo." Iwowo anali atavala jinzi, malaya opyapyala ndi nsapato zansalu, foni ili m'manja. Mwezi wake uno wa Julaye.

Ndaperekeza alendo paphiri la Zomba zaka zambiri, ndipo ndinaphunzitsidwa chithandizo choyamba, choncho ndiloleni ndilankhule mosapsatira. Phiri ili limapusitsa anthu chifukwa cha msewu wake watala. Munthu akwera pagalimoto, agula sitiroberi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu, ajambulitsa pa damu la Mulunguzi, basi waganiza kuti phiri lonse lili choncho. Mukangosiya magalimoto n'kulowera ku dzenje lakuya la Chingwe's Hole kapena kukwera Malumbe, mwalowa dziko lina. Nsonga ya Malumbe ili pa mamita 2,087, pomwe tauni ili cha m'ma 900. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, ndiye kuti pamene mukupukuta thukuta kudepoti, kumtunda kwatsika kale ndi madigiri 7, mphepo tisanaiwerengere n'komwe.

Kuzizira kokhako munthu wouma amakupirira. Chimene chimagwetsa anthu athu ndi kunyowa.

Pakati pa phirili pali madambo momwe mumachokera mtsinje wa Mulunguzi, madzi omwewo amene mumamwa m'tauni. Dambo lakumtunda silidzionetsa. Pamwamba pake pamamera udzu wosalala ngati bwalo la mpira, ndiye amene salidziwa amasiya kanjira kokhotakhota amvekere tiyeni tidule apa. Phazi loyamba bwinobwino, lachiwiri bwinobwino, lachitatu chubwi, watitimira mpaka m'bondo, nsapato yatsalira momwemo. Mukaona udzu uli biriwiri pomwe wina wonse wauma, pansi pake pali madzi. Kanjira kaja sikanakhote mwangozi. Anakakhotetsa ndi amayi onyamula nkhuni ndi anyamata amatabwa amene amapondapo tsiku lililonse. Ine sindiyenda wopanda ndodo, ndipo ndodo ndiyo imaponda poyamba.

Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza nthawi pafupifupi 25 kuposa mpweya. Jinzi ikanyowa siuma tsiku limenelo. Mumayenda mutadzikulunga chinsalu chozizira, mphepo n'kumachikupiza. Kenako kubwere chiperoni, kamvula kowaza kaja kochokera ku Mozambique kamene kamatipeza kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Nkhungu yake imatseka msanga moti mnzako amene ali mapazi khumi patsogolo umangomumva mawu. M'mapaini misewu yonse ya ocheka matabwa imafanana, netiweki imabwera n'kuthawa, batire nayo ikazizidwa imatha mwachangu. Ikamakwana 6 koloko kwada kale.

Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. Likatsika kufika pansi pa 35, vuto layamba. Poyamba munthu amanjenjemera, mano gwedegwede, zala zikukanika kutseka zipi. Apo thupi likumenyabe nkhondo. Likatsikirabe cha m'ma 32 kupita pansi, kunjenjemera kumayamba kusiya, chifukwa mphamvu zothera pamenepo zatha. Munthu amayenda dzandidzandi, lilime kulemera, kuyankha zosagwirizana ndi funso, kufuna kungokhala pansi agone pang'ono. Ena amafika povula zovala, akuti akumva kutentha.

Pali mnyamata wina amene sachoka m'mutu mwanga. Anabwera ndi gulu la achinyamata a mpingo wina kuchokera ku Blantyre, anthu oposa khumi, akutsogoleredwa ndi mnyamata amene anamupeza pamsewu atawauza kuti phirili amalidziwa. Ndinakumana nawo m'mawa cha m'ma 9, akuimba, ena atavala masilipasi. Ndinayang'ana kum'mwera, ndinaona mitambo ija, ndinayang'ananso mapazi awo. Ndinangowapatsa moni n'kudutsa. Ndinkaopa kuti wowatsogolerayo aziti ndikufuna kumulanda makasitomala. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti kunena mawu awiri okha kukananditengera chiyani.

Ndinawapezanso cha m'ma 4 madzulo ndikutsika ndi alendo anga, nkhungu ili tolotolo. Ndinayamba kumva mapemphero ndisanawaone. Anali atazungulira mnzawoyo, iye atakhala pa udzu wonyowa, jekete ataitaya apo, akulankhula ndi agogo ake amene anamwalira kalekale. Buluku lake linali matope mpaka m'ntchafu. Anandiuza kuti anagwera m'dambo nthawi isanakwane 11, ndipo anangoseka n'kupitiriza ulendo. Atayamba kutsalira m'mbuyo, wowatsogolera uja anatulutsa kabotolo ka kachasu kuti amutenthetse. Mayi wina amene anali wamkulu pagululo anandigwira mkono.

"Bambo, musamukhudze. Uyu zamulowa zam'phiri muno. Kuzizidwa ayi, taonani wasiya kale kunjenjemera."

"Mayi, wasiya nthawi yanji?"

"Papita ola."

Ola lathunthu, mwana ali pansi ponyowa, anthu khumi ouma ataimirira. Sindinawaletse kupemphera. Ndinati pempherani manja akugwira ntchito. Tinamuvula zonyowa zonse, atsikana atatembenuka, tinamuveka juzi yanga ndi ya mlendo wanga, tinayala zikwama pansi n'kumugoneka pamwamba, chipewa kumutu, anyamata awiri atamukumbatira mbali ino ndi ino, tonse titatchinga mphepo. Kuyenda sindinamulole. Tinamunyamula chogona mpaka pomwe galimoto ikanafika.

Za kachasuzi tamvetsetsani, chifukwa ndazinena mpaka pakhosi pauma. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi otentha n'kuchoka m'kati kubwera kunja. Munthu amamva kufunda kumaso ndi m'manja, pomwe kutentha kwenikweni kukuthawira mumphepo. Umachepetsanso kunjenjemera komwe kumamuteteza, n'kusokoneza mutu womwe wasokonezeka kale. Amene wazizidwa mumupatse tiyi wofunda wa shuga wambiri, ngati ali maso ndipo akutha kumeza yekha. Ngati akusinza musamuthire chilichonse m'kamwa, mumutsamwitsa. Musamutikite miyendo ndi mikono, musamukhazike chifupi ndi moto kuti mapazi awothe. Mufunditseni pachifuwa, m'khwapa ndi kumsana. Mtima wozizira sufuna kugwedezedwa. Munthu wotere mukamukoka mwankhanza kapena kumuimiritsa mwadzidzidzi ungathe kusokonezeka kagundidwe n'kuima.

Titafika kumunsi ndiye kunabuka ina. Amalume ake a mnyamatayo anali atamva pafoni, ndipo anatichingamira ali ndi maganizo awo kale: ayambe apita naye kwa munthu wina wodziwa za mizimu, chipatala mawa. Anati munthu wolankhula ndi akufa jakisoni sangamuthandize. Ndikudziwa kumene maganizo awa amachokera. Tonse tinakula tikumva kuti ku Chingwe's Hole kale ankaponyako anthu, ndipo nkhani zotere nanenso ndimawasimbira alendo. Koma ubongo ukazizira umabwebweta, kaya muli pa Zomba kaya muli ku Ulaya komwe agogo athu sanafikeko. Amene akukulipiritsani kuti atemere mphini mwana wozizidwa, atamuvula malaya m'kachisi usiku wa Julaye, akumumalizitsa. Ndinawagwadira bambo aja pamsewu. "Amalume, tiyeni kuchipatala usiku uno. Akadzuka, mawa mupite naye kulikonse kumene mufuna." Tinakangana mphindi makumi awiri zimene mnyamatayo analibe. Anapulumuka, inde. Koma dokotala amene anatilandira atamuyeza kutentha anangotiyang'ana osanena kanthu, ndipo ndinamva chimene amatanthauza.

China chimene ambiri sadziwa: munthu wozizidwa kwambiri amatha kuoneka ngati watisiya. Thupi zii, kupuma kosaoneka, mtima ukugunda patalipatali moti chala chanu chozizira sichingaumve. Musayambe kulira maliro kuphiri, musamuphimbe kumaso. Achipatala sanena kuti munthu wotere wamwalira asanamufunditse kaye. Zomba Central Hospital ili m'munsi mwa phiri momwemu. Vuto si mtunda, ndi nthawi imene anthu amataya akukambirana.

Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anafera ku Mulanje atakwera Sapitwa yekha, nyengo itasintha, ndipo chinamupha ndi kuzizira komweku. Anthu akamva amati eya, ku Sapitwa, mamita 3,002. Thupi lonyowa siliwerenga mamita.

Za owatsogolerawa ndinenepo pang'ono, ngakhale ena andida. Kudziwa njira ya ku mathithi a Williams Falls dzuwa likuwala sikupanga munthu kukhala woperekeza alendo. Musanamupatse ndalama mufunseni kuti nkhungu ikatseka tibwerera njira iti, ndipo tibwerera nthawi yanji. Muuzeni atsegule chikwama chake. Ngati mulibe tochi, chovala chouma ndi kanthu kotsekemera, koma muli kabotolo, musiyeni. Ndipo wina kumunsi adziwe kumene mwalowera ndi ola limene mukuyenera kutulukira, kuti likapitirira ayambe kukufunani tsiku lomwelo, osati m'mawa mwake.

Bambo a jinzi aja sindinawadutse chete ngati mmene ndinachitira tsiku lija. Ndinawauza zonsezi mwachidule, iwo akuyang'ana wotchi. Jekete anakana, akuti iwalemera. Ndinawapatsa jumbo lalikulu lakuda, lija lotayiramo zinyalala, nditaliboola pamutu ndi m'mikono, ndipo analipinda n'kuliika m'thumba akuseka. Nambala yanga anailemba monyinyirika. Anaimba nthawi itangopitirira 3, mawu akunjenjemera, kufunsa kuti pamphambano ya m'mapaini akhotere kuti.